Gwedeza ndi Mbuzi ya Apongozi Ake

Kalekale ndithu, anthu akuvalabe nyanda, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Gwedeza. Ndati munali, koma sanali wa muno ayi. Anali mkamwini. Inu akamwini mwabisala kumbuyoko, tasenderani kuno, nkhaniyi ndi yanu. Musaope, lero sindikutumani.

Gwedeza ameneyu ali mnyamata anatsagana ndi amalonda a Chibisa, akuwasenzera katundu, mpaka anakafika kutali kumadzulo kumene anthu amakumba mkuwa. Anzake anabwerako ndi nsalu ndi mikanda. Iye anabwerako chimanjamanja, koma m'manjamo munali luso. Ankatenga phula la njuchi, n'kulifewetsa padzuwa, n'kuumba kanyama. Akatero ankakamata dongo la pachulu mbali zonse, n'kusiya kabowo kamodzi. Dongo likauma ankaliika pamoto, phula n'kusungunuka, n'kutulukira pakabowo paja, m'kati n'kutsala mphako ya maonekedwe a kanyama kaja. M'mphakomo ndimo ankathiramo mkuwa wosungunula. Ukazizira, n'kuswa dongolo. Mwamva bwino? Phula lapita, dongo laswedwa. Ntchito imeneyi ndi ya kamodzi. Ikalakwika palibe pobwerera.

Tsono luso lotere, kuno? Kuno kunalibe mkuwa woseweretsa. Gwedeza anakwatira Nangondo, mtsikana wa muno, akuchikazi anamupatsa malo omanga nyumba, anamupatsa munda, anamupatsa khasu. Nanga mkamwini amapatsidwanso chiyani? Koma khasu ndi Gwedeza sankamvana. Mizere yake inkayenda ngati munthu wochokera kumowa. Alime pang'ono, waima, akuyang'ana mmene nkhwali ikuyendera. Alime pang'ono, wagwada, akuonerera bilimankhwe. Madzulo n'kumaumba tinyama taphula, ana n'kumalimbirana, mawa lake dzuwa n'kutisungunula.

Nangondo anali ndi mlongo wake wamkulu, Chatsika, amene anali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Chatsika ataona kuti kulima kwakanika anati, "Chabwino. Chimanga chakhwima. Alamu, kakhaleni pansanja kumunda, muziingitsa anyani. Imeneyo ngakhale mwana amaitha."

Gwedeza anapita. Tsiku lina Chatsika podutsa anamva munda wonse uli phwanyu phwanyu. Anyani! Anyani ali mbwee, ena akudya, ena akunyamula, ena angokhala chifukwa chokhuta. Nanga mlonda? Mlonda ali chigonere chafufumimba pansanja, chibwano pamanja, maso ali pa chinyani chachikulu.

"Alamu! Kodi muli moyo?"

"Pang'onopang'ono, alamu, muchithawitsa," ananong'ona Gwedeza osacheuka. "Taonani mmene chagwirira chimangacho. Chala chachikuluchi chimachipinda chonchi."

"Chimanga cha yani?"

Apo ndi pamene Gwedeza anakumbukira chimene anamutumira.

Sekani, koma musaseke kwambiri. Chaka chimenecho nkhokwe ya Nangondo sinafike n'pakati pomwe. Ndipo musamuone Chatsika ngati munthu woipa. Ana akalira njala ankalirira iye. Choncho anaitana mlamu wake, n'kumuuza poyera kuti, "Ine sindikudana nanu. Koma mlongo wanga sangadye tinyama taphula. Tikamaliza kututa zotsalazi, mupinde mphasa yanu, muone njira."

Mukudziwa tanthauzo lake. Mkamwini akachotsedwa amapita yekha. Mkazi ndi wa mudzi, ana ndi a mudzi. Ndipo Gwedeza anali ndi kamwana kakakazi, Lekeleni, kamene kanali katangoyamba kuyenda. Kankamutsata paliponse, kali dzandidzandi, katagwira chala cha bambo ake. Gwedeza akakayang'ana, mtima unkamuwawa mpaka chakudya chinkamukanika. Anayesa kugwira khasu mwamphamvu, manja anatuluka matuza, koma kulima kwa m'mbuyo mwa zokolola kumadzaza nkhokwe ya yani? Masiku anali kutha.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi ake, amayi a Nangondo ndi Chatsika, aNankhoma. Anali okalamba, amasiye, ndipo maso awo anachita khungu. Anali ndi mbuzi yawo yaikazi imene malemu amuna awo anawasiyira ili kamwana. Dzina lake Nkhutukumve, chifukwa sinkamvera munthu. Mbuzi yake yosaoneka bwino, nyanga imodzi yothyoka, khutu lina long'ambika, mimba yolendewera. Koma ndiyo inali maso awo. Ankaimanga chingwe m'khosi, iwo n'kugwira mbali inayo, mbuzi patsogolo iwo pambuyo, kudimba, kuchitsime, kumaliro. Ankailankhula ngati munthu. Ankaikalipira ngati mmene ankakalipirira amuna awo.

Ndipo paja masiku amenewo mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Osalankhulana, osayang'anana, osakumana panjira. Mkamwini akaona apongozi akubwera, ankalowa patchire mpaka adutse. Mufunsa kuti, nanga poti gogoyo sankaona, Gwedeza ankathawiranji? Mwambo sunkafunsa zimenezo. Ankathawa basi. Ndipo njira ya kudimba inali imodzi, choncho pafupifupi tsiku lililonse Gwedeza ankadziponya m'tchire. Minga inamulasa, linthumbu linamuluma, tsiku lina anagwera pa chitedze, anakanda mpaka kulira.

Tsono munthu uli m'tchire, apongozi akudutsa, nkhope yawo sungaiyang'ane, maso uika pati? Gwedeza ankawaika pa mbuzi. Tsiku ndi tsiku, pa mbuzi. Ndipo mbuziyo inkamudziwa. Ikafika pamene wabisala inkaima, n'kupotoza khosi, n'kuimika khutu labwino lija, n'kumuyang'ana. ANankhoma ankakoka chingwe, "Tiye iwe! Waonanso chiyani?" N'kuikwapula ndi kamtengo.

Zokolola zili pafupi kutha, kambuku anagwira Nkhutukumve pafupi ndi khola. Anapeza chingwe chokha. ANankhoma analira maliro enieni. Kenaka anakhala pakhonde, chingwe chili m'manja, n'kusiya kudya. Anthu anayamba kung'ung'udza. Kulira mbuzi? Mbuzi sizinathe m'dziko muno. Chatsika, mwana wabwino, anakagula ina, yonenepa, yosalala, n'kuibweretsa.

"Amayi, nayi mbuzi. Iyi ndiye mbuzi, osati ija."

Gogo uja anaipapasa kumutu, anaipapasa kumsana, n'kuikankha. "Kaimangeni uko."

Phala ankalibweza. Madzi ankangonyowetsa milomo. Thupi linayamba kutha, ndipo akuluakulu anayamba kuyang'anana mwa njira ija mukuidziwa.

Gwedeza zonsezi ankazimvera kwa mkazi wake. Kupita kukawapepesa sakanatha. Kuwalankhula sakanatha. Anawamvera chisoni kwambiri, pakuti iyenso anali pafupi kulandidwa amene ankayenda naye. Ndiye anatenga phula lake lonse, n'kukakhala pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba. Sanafune kuganiza kuti mbuziyo inali yotani. Zala zinkangodziwa. Anaumba, anafafaniza, anaumbanso. Ataimaliza anaitana mkazi wake.

Nangondo atangoiona anagwira pakamwa. "Mayo! Nkhutukumve!"

"Ndimafuna muwapatse amayi," anatero Gwedeza. "Koma ndi phula ili. Akalifumbata tsiku limodzi lifewa, nkhope ifafanizika. Ndiye kuti iwafera kawiri."

"Nanga mkuwa uja mumanena?"

"Ndiutenga kuti?"

Nangondo anayang'ana miyendo yake. Anali atavala zigwinjiri zamkuwa, zolemera, zimene amayi ake anamuveka tsiku la ukwati, zimene iwonso anavekedwa ndi amayi awo. M'mudzi monse mkuwa unali wokhawo. Anakhala pansi, n'kuyamba kuzikanula.

"Ayi, amayi a Lekeleni, zimenezo ayi. N'za agogo anu. Ndipo ntchitoyi imakana. Mkuwa ukhoza kuzizira usanafike kumiyendo, dongo likhoza kuphulika. Zikakanika titsala opanda zigwinjiri, opanda mbuzi. Alamu adzandipha."

"Panopa mukupita ndi mlandu umodzi," anatero Nangondo. "Zikakanika mupita ndi iwiri. Njira yake ndi yomweyo. Gwirani apa, ichi chalimba."

Akazi a m'mudzi muno, mukuwadziwa. Sanayambe lero.

Gwedeza anamata mbuzi ija dongo, n'kuiumika pamthunzi masiku angapo. Anatentha makala a mtengo wolimba. Ndipo m'mawa wina anatsikira kudambo, kumene kunali chipala chakale chimene malemu apongozi ake aamuna ankasulirapo makasu. Wopukusa mvukuto panalibe. Akanapempha yani? Nangondo anabereka Lekeleni kumbuyo, n'kugwada, n'kugwira zikopa za mvukuto yekha. Fuu, fuu, fuu, makala anafiira.

Gwedeza anaika chibuluma cha dongo chija pamoto. Posakhalitsa phula linayamba kudontha pakabowo, dontho, dontho, n'kumapsa pamakala. Gwedeza anayang'ana mbuzi yake ikutuluka ngati madzi. Chinthu chabwino koposa zonse zimene anaumbapo chinali chitapita. Kenaka anaika zigwinjiri m'kamphika kadongo. Nangondo anapukusa, thukuta lili kamukamu, mwana akulira kumsana. Zigwinjiri zinafiira, zinagwa, zinasanduka madzi owala. Gwedeza anagwira kamphikako ndi mbaniro, anapuma kamodzi, n'kuthira pakabowo mpaka dontho lomaliza.

Utsi sumabisika. Chibuluma chisanazizire bwino, Chatsika anatulukira. Anayang'ana moto, anayang'ana kamphika, kenaka maso ake anagwera pa akakolo a mlongo wake, ali mbee, mizere yoyera yokha pamene panali zigwinjiri.

"Nangondo, zigwinjiri za agogo zili kuti?"

Nangondo analoza chibuluma chija.

Chatsika sanakuwe. Bwenzi zili bwino akanakuwa. Anangoti, "Nyamulani chimenecho. Tiyeni kwa amayi. Alamu, za kudikira zokolola zija zatha. Mupita lero."

Mbumba yonse inasonkhana pakhomo pa aNankhoma. Gogo uja anali pakhonde, atatsamira chipupa, wowonda ngati bango. Gwedeza, poti sangaonekere pamaso pa apongozi, anakakhala kuseri kwa nkhokwe, atafulatira. Taganizani. Mlandu ndi wake, ntchito ndi yake, koma iye sakuona kanthu. Akungomva. Lekeleni anatsika kumsana kwa amake, n'kudzandira kukamupeza, n'kukhala pamwendo pake. Gwedeza anamufungatira, akudziwa kuti mwina n'komaliza.

Anamva Chatsika akufotokoza za munda, za anyani, za nkhokwe. Zonse zoona. Anamva akuti, "Tsopano wasungunula zigwinjiri za amayi anu, amayi, zimene munamuveka mwana wanu. Chatsala ndi ichi, chibuluma cha dothi lopsa."

Anamva mawu ofooka a gogo uja. "Nangondo, anakulanda?"

"Ndinavula ndekha, amayi."

"Chifukwa?"

"Mundilole ndiswe dothili."

Kenaka Gwedeza anamva mwala. Gho. Gho. Gho. Dongo likugwa. Kodi mkuwa unafika kumiyendo? Kodi mutu ulipo? Mwina mwatuluka chinthu chopanda mutu ndi mchira, anthu aseke, iye anyamule mphasa. Mwala unaleka. Anamva madzi akuthiridwa, wina akutsuka. Ndiye kunangoti zii. Palibe woseka, palibe wolankhula. Chete ameneyo anamuopsa kuposa mawu onse a Chatsika.

"N'chiyani?" anafunsa gogo uja. "Mwangoti duu bwanji? Ndipatseni."

Patapita kanthawi Gwedeza anamva mawu aang'ono, ngati munthu akudzilankhula yekha.

"Miyendo inayi. Ndi mbuzi iyi. Mimba yake... ha. Nyanga iyi yathyoka. Yathyokera pomwe paja. Khutu ili... Nangondo! Khutu long'ambika! Ndi kafupa aka kotuluka pamsana, kamene ndinkagwira tikamawoloka. Iwe Nkhutukumve, iwe! Unapita kuti?"

Analira gogo uja, ndipo akazi onse analira naye. Kuseri kwa nkhokwe Gwedeza anabisa nkhope m'tsitsi la mwana wake. Mkuwa unali utafika paliponse.

Kulira kutachepa, anamva gogo akufunsa, mawu atasintha. "Koma bwanji yapotoza khosi? Ikuyang'ana kumbali, khutu ili chilili. Imatere ikaima panjira ya kudimba, ine n'kumaikoka. Wapanga ichi anaiona kuti itaima chonchi?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Mufunse."

Nangondo anabwera kuseri kwa nkhokwe. Gwedeza anayankha motsitsa, koma pakhomo panali chete, aliyense anamva. "Muwauze kuti ine ndimaidziwa choncho basi. Ikafika pamene ndabisala imaima n'kumandiyang'ana. Sindinaionepo itayang'ana kwina."

Pamenepo panamveka chinthu chimene mudzi unali utaiwala. ANankhoma anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, mpaka Nangondo anathamanga kukawasisita pamsana.

"Ndiye anali apongozi anga! Nthawi yonseyi! Ine ndinkati mbuzi yanga yaona njoka, mtima uli phaphapha, ndikuikwapula kuti tithawe. Kani ndi mwamuna wa mwana wanga ali chinyonyomalire m'minga!"

"Ndi m'chitedze momwe, amayi," anatero Nangondo.

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Ngakhale Chatsika anayang'ana kumbali, akulimbana ndi milomo yake.

Kenaka gogo uja anakweza mawu, n'kulankhula molunjika kunkhokwe. "Bambo a Lekeleni. Tulukani kumeneko, mubwere mukhale apa."

Anthu anadzidzimuka. Mpongozi kuitana mkamwini pamaso pa anthu? Gwedeza anauma pomwepo.

"Ndati bwerani. Mwakhala m'tchire mokwanira chifukwa cha ine. Chatsika, ugwire nkhuku, tidye pamodzi ndi bambowa, kuthawana kuthe lero."

Gwedeza anatuluka, mwana ali m'manja, n'kudzagwada chapatali, maso pansi. Ndi pamene anaiona koyamba mbuzi yake, ili pamiyendo pa gogo, yofiirira, dothi likadali m'makutu.

Chatsika anati, "Amayi, ndamva. Chinthuchi n'chokongola, sindikana. Koma kodi ana adya mkuwa? Nkhokwe ya Nangondo sinafike n'pakati pomwe."

"Ukunena zoona, mwana wanga," anatero aNankhoma. "Iwe umatidyetsa, ndipo chaka chino tivutika. Unandigulira mbuzi yonenepa, unachita bwino. Koma nonsenu munkandiuza kuti mbuzi ndi mbuzi. Ana anga obereka ndekha, palibe anadziwa chimene ndinataya. Munthu uyu sanandilankhulepo n'kamodzi komwe, koma anachidziwa mpaka kafupa ka pamsana. Woteroyo ndimuthamangitse? Tsiku limene apinde mphasa yake, mupindenso yanga." Anafumbata mbuzi ija pachifuwa. "Nangondo, phala lija munalitaya? Ndili ndi njala."

Nangondo anathamanga. Chatsika anakhala pansi, anapempha mbuzi ija, anaitembenuza uku ndi uku nthawi yaitali. Pomaliza anapumira m'mwamba.

"Alamu, khalani. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi."

"Nenani, alamu."

"Kumunda kwa anyani musadzapondekonso."

Sindikunamizani kuti njala inathawa. Chaka chimenecho anadya gaga ndi zikhawo, ndipo Chatsika anagawa nkhokwe yake pakati, akudandaula monga mwa masiku onse. Koma chilimwe chitafika amalonda aja anadutsa, anaona mbuzi ya gogo, n'kusiya mkuwa kuti pobwerera adzapeze zawo. Gwedeza anaumba ng'ona, anaumba njiwa, anaumba chinyani chija chitagwira chimanga, chala chachikulu chitapinda. Nyama zake zinapita kutali, m'malo mwake munkabwera makasu, mchere ndi mbewu. Choyamba chimene anasula ndi mkuwa watsopanowo chinali zigwinjiri za mkazi wake. Anthu a midzi ina ankati nyama za Gwedeza ukaziyang'ana nthawi yaitali umayembekeza kuti zipuma. Khasu lokha ndiye sanalidziwe mpaka imfa yake.

N'chifukwa chake m'mudzi muno, mkamwini akabwera, timamupatsa khasu, inde, pakuti tonse timadya. Koma likamukana sitithamangira kumuonetsa njira. Timayamba tadikira, tione chimene maso ake amaona, ndi chimene manja ake amadziwa. Ena amaseka kuti kwathu kuno timalekerera alesi. Asiyeni aseke. Ife tili ndi chifukwa chathu.

Chifukwa chake ndi ichi. Mvula yotsatira itagwa, Nangondo anabereka mwana wachiwiri, wamkazi, dzina lake Mwandida. Mwandida anabereka ana asanu ndi awiri. Mmodzi mwa iwo anabereka agogo anga. Iwe wakhala apo, ndi iwe, ndi iwe ukusinzawe, ndi ine ndemwe, tonse ndife a Mwandida. Gwedeza akanapinda mphasa tsiku lija, pabwalo pano bwenzi pali udzu wokhawokha.